Ng'ombe za Ambuye

Chaka chimene anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, abusa anandipempha kuti ndipemphere pa tsiku la masika. Tchalitchi chathu chili kuseri kwa Sinda, ndipo tsikulo kutsogolo kunali kutadzaza matumba a chimanga, mtedza ndi nkhuku zomanga miyendo. Ine sindine wa mawu ambiri, koma tsikulo pakamwa panatseguka. Ndinati, "Ambuye, nyumba yanga, munda wanga, ng'ombe zanga, zonsezi si zanga ayi, ndi zanu. Chitani nazo monga mufuna." Anthu anavomera Amen. Ndinakhala pansi mtima uli mbee.

Pabenchi yakumbuyo panali madala ena oyandikana nane munda. Ndi ogontha khutu limodzi, ndipo tikamakamba za malire khutu linalo limagonthanso. Chaka ndi chaka mzere wawo unkasendera kwanga. Pemphero lija analimva lonse.

Mvula yodzalira inabwera mochedwa. Kwathu amene wadzala ndi mvula imeneyo amadya mpaka kukolola kwina. Wochedwa nkhokwe imamuthera panjira. M'mawa mwake ndikumanga goli ng'ombe zanga ziwiri, madala aja anatulukira. Zawo zinali zitafa ndi matenda a nkhupakupa.

"Akulu a mpingo, mwadzuka bwanji? Ndabwera kudzabwereka ng'ombe za Ambuye."

Ndinawauza kuti ndilime kwanga kaye, kwawo ndibwera ndikamaliza.

"Chabwino," anatero. "Kungoti ndimayesa eni ake ndi aja munawatchula aja."

Ndinayang'ana mkazi wanga, amene ankasankha mbewu pakhonde, kuti andithandize. Iye madalawo amadana nawo kuposa ine. Sanadzutse mutu.

"Abambo, pemphero linali lanu. Ine ndinangoti Amen."

Ndinaima ndi chingwe m'manja, kufunafuna pothawira. Ndinaganiza kuti ng'ombe za Ambuye zili ndi wozisunga, ndipo wozisungayo ndiye adziwa poyambira. Mfundoyo inali yabwino, koma kulikonse kumene ndinaitembenuzira inkathera m'munda mwanga. Mundawo nawonso ndinali nditaupereka kale pamaso pa mpingo wonse.

Ng'ombe zanga siziyenda ndi munthu wina, choncho pulawo ndinagwira ndekha. Madala ankatsogola, kundisonyeza polima ndi kundidzudzula mzere ukakhota. Titafika pamalire analoza ndi ndodo mzere wa chaka chatha, kenako anasendeza ndodoyo pang'ono. Ndinalima mpaka pa mzere wa chaka chatha. Za kowonjezerako ndinawauza kuti akakambe okha ndi Eni ake.

Munda wawo si waung'ono. Pamene ndinaumaliza, mvula inali itadula ndipo kwanga nthaka inali itauma, pulawo yosalowa. Tinadikira, tinadzala itabweranso. Chimanga cha madala chinakula bwino. Ndinkachiona tsiku lililonse popita kukapalira chathu, chimene chinafupika. Titakolola mkazi wanga anasuzumira m'nkhokwe nati Khirisimasi sitifika nacho. Sanalakwe. Tinadutsa ndi maungu ndi ufa umene mlongo wanga ankatumiza pa minibasi kuchokera ku Katete. Madala anabweretsa lichero la mtedza, wambiri wopanda kanthu m'kati. Tinathokoza.

Njalayo isanafike, tsiku la masika litakwananso, abusa anandipemphanso kupemphera. Akuti chaka chatha anthu anadalitsika. Tili panjira, thumba lathu laling'ono lili panjinga, mkazi wanga anafunsa, "Abambo, lero mutchulanso ng'ombe?"

"Nditchula."

"Ngolo yokha muisiyeko. Ndiyo imanditutira nkhuni."

Tinafika kutchalitchi. Nditaimirira ndinatchula nyumba, munda, ng'ombe, chimodzichimodzi, mosathamanga, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti mawuwo amalemera bwanji. Pa ngolo ndinapuma kaye. Kenako ndinaitchula. Amen woyamba anachokera pabenchi yakumbuyo, wa mkazi wanga anabwera mochedwerapo, koma anabwera.

M'mawa mwake madala anadutsa pakhomo kudzafunsa ngati matayala a ngolo ali ndi mpweya. Ndinati limodzi laphwa. Anati adikira ndipope.