Wosoka Nsapato Wapageti

Nyumba zathu atazigumula n'kumangapo zosanjikizana, tonse tinabalalika. Anatsala ndi wosoka nsapato yekha, yemwe anangokankhira benchi lake kunja kwa mpanda watsopanowo. Ine ndinabwerera ngati mlonda. Geti limene ndimatsegula lili pamene panali chipinda changa chogona.

Eni ake atsopanowa amawerenga malowa m'mamita. Wosoka nsapatoyo ayi. Poimika magalimoto amati "kwa anamwino", pathanki yamadzi "kwa amapasa". Amadziwanso kumene banja lililonse linasamukira, poti nsapato zawo zimabwerabe kwa iye.

Tsiku lina kunafika mayi wina atanyamula chikwama. Anayang'ana mpandawo nthawi yaitali, kenaka n'kundifunsa za amayi ake. Anati anachoka kalekale atayambana nawo, ndipo nambala yawo analibe. Dzina limene anatchula sindinalidziwe, chifukwa ife tinkaitanana ndi ntchito zathu.

"Tayendani pang'ono, mayi," anatero wosoka nsapatoyo.

Mayiyo anadabwa, koma anayenda kukafika pageti n'kubwerera. Mkuluyo analavula timisomali tinali pakamwa.

"Ndiwe mwana wa amayi ogulitsa makala iwe. Kwanu nonse mumadya chidendene chakumanzere. Mwandikalambitsa ndinu."

"Alipo, agogo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga izi ndasokera ndani?" Anatulutsa nsapato zakuda pansi pa benchi. "Anati adzatenga Lachisanu, koma ndamaliza kale. Kwera basi yakunjanji, ukatsike pasukulu, nyumba yachitatu. Ukawapatse wekha. Munthu wobweretsa nsapato sabwezedwa pakhomo."