ANambewe adadzipatsa thuu

Pepani akuluakulu, mundikhululukire. Nthawi zonse ndikagwira cholembera kuti ndidzaze danga lino ndimamva ngati mwana amene wakhala pampando wa alendo. Sukulu yanga ndi ya ku Guilleme, ndipo za kayendetsedwe ka antchito pali anthu amene adaziphunzira mpaka kuvala mikanjo. Ine ndimangoyeza matumba pasikelo. Koma pali kanthu kena komwe ndidalakwitsa ndi dzanja langa lomwe lino, ndipo mtima wakana kuti ndikhale chete.

Ndimagwira ntchito pa depoti ina yogula mtedza, m'mbali mwa msewu wopita kumalire a Zambia. Dzina la kampani sinditchula, ntchito ndikuifunabe. Alimi amabweretsa mtedza panjinga ndi pangolo, ine ndimayeza, kenaka amayi khumi ndi awiri amakhala m'shedi n'kumasankha, wabwino uku, woipa uko. Matumba akakwana, mathiraki amadzanyamula.

Mwa amayiwa muli aNambewe a ku Dambe. Asankha mtedza pamenepa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ntchito yomweyi ndi imene akulerera zidzukulu ziwiri. Iwowa akapisa dzanja m'thumba, n'kununkhiza, n'kuluma kamtedza kamodzi, amakuuzani pomwepo ngati muli chuku. Chuku ndiye mdani wathu wamkulu. Matumba ochepa chabe a mtedza wachuku akhoza kubwezetsa thiraki yonse.

Mwezi watha kudabwera Mayi Mvula, bwana watsopano woona za antchito, kuchokera kulikulu ku Lilongwe. Munthu waulemu, wopereka moni kwa aliyense mpaka mlonda wapageti. Adabwera ndi mafomu. Adati masiku ano kampani ikufuna kumva maganizo a wantchito, choncho aliyense adziyese yekha pa mafunso asanu, kuyambira wani mpaka faifi. Wani ndiye kuti zinthu sizili bwino, faifi ndiye kuti munthu ndi katswiri.

Mafomuwo adali a m'Chingerezi. Ndiye pa nthawi yopuma masana amayi onse adandizungulira pansi pa mtengo wa mango, aliyense pepala lake m'manja.

"Gelevazio mwananga, yamba ndi langali," adatero aNambewe. "Akuti chiyani azunguwa?"

"Si azungu amayi, ndi a ku Lilongwe. Akufunsa kuti kodi ntchito yanu mumaidziwa bwanji?"

"Akufunsa ndani?"

"Inuyo."

"Ine? Ndinene ndekha?" Adagwira pakamwa, amayi ena n'kuphulika kuseka. "Iii, zamanyazi. Lemba kuti ndimayesako."

"Pakufunika nambala, amayi. Faifi ndiye yapamwamba."

"Faifi ndi wa Mulungu yekha. Folo mwina abambo mfumu a kuparishi. Ine undiikire yapansipansi, koma isakhale ya pansi penipeni, angayese ndine waulesi."

Tidagwirizana pa thuu.

Funso la kufika nthawi yabwino, thuu. Chonsecho mayiyu amafika mlonda asanatsekule geti. Funso la kutsogolera anzawo, adachita kundigwira mkono. "Apo ika wani. Ndingatsogolere ndani ine, pali aNaphiri apa akulu kwa ine?" ANaphiri nawo adati ngati aNambewe atenga thuu, iwo sangadumphe pamenepo. Mapeto ake shedi yonse idadzipatsa thuu.

Tsono apa ndi pomwe pali tchimo langa. Ine ndidawerengako, ndikadatha kuwachenjeza. Koma m'malo mwake ndidagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Mwachita bwino amayi, mabwana aona kuti ndinu odzichepetsa." Ndidanenadi zimenezo, ndipo ndinkazikhulupirira. Fomu yanganso ndidaidzaza mathuu okhaokha.

Munthu mmodzi yekha sadafune thandizo langa. Ameneyu ndi Levisoni, mnzathu wosenza matumba, amene adapitako ku Chipata kawiri ndipo chibwerereni amatiitana tonse kuti "baba". Iye adakhala pa thumba, mwendo pamwamba pa unzake.

"Baba Gelevazio, kodi sikisi palibe apa?"

"Palibe, amathera pa faifi."

"Ndiye andichepetsa anthu amenewa."

Adadzipatsa faifi ponseponse, ngakhale pa funso la kufika nthawi yabwino, pomwe tonse timadziwa kuti Lolemba njinga yake imaphulika tayala sabata iliyonse.

Pansi pa fomu padali malo oti kapitawo wathu alembepo maganizo ake. Koma tsikulo kudali mathiraki atatu oti apakiridwe. Akapitawo adangokopera manambala omwe munthu wadzipatsa, n'kusaina. "Munthu amadzidziwa yekha," adatero, uku akuthamangira kugeti.

Patatha masabata awiri, pachitseko cha ofesi adamatapo pepala la anthu amene makontilakiti awo awonjezeredwa. Amayi asanu ndi atatu adalipo, chifukwa ntchito siyingaime. Anayi panalibe. Pakati pa anayiwo padali aNambewe, popeza wani uja wa utsogoleri adawatsitsa kuposa anzawo. Pansi pake padalembedwa kuti Levisoni wakwezedwa, tsopano ndiye woona ubwino wa mtedza polandira.

ANambewe adandipempha kuti ndiwawerengere. Ndidawerenga kawiri, mwina dzina lidabisala. Iwo adangoti, "Chabwino, ndiye kuti aona kuti ndakalamba." Sadakalipe. Adapinda chitenje chawo chokhalira n'kunyamuka ulendo wa ku Dambe.

Inu owerenga, ndifunseko. Kodi kwathu kuno munthu amadziyamikira yekha?

Mnyamata akafuna banja sapita kukaima pabwalo la eni mbumba n'kumati, "Ine ndine wolimbikira, ndimalima maekala awiri." Amatuma amalume ake, ndipo akuchikazi nawo amatuma munthu kukafufuza kwa anansi. Mayi akaphika ndiwo zokoma alendo n'kuyamikira, amayankha kuti, "Iii, n'zosapsa bwino izi." Mlimi wa ku Mlonyeni amene nkhokwe yake yadzaza mpaka kudenga, mukamufunsa za chaka chino akuuzani kuti, "Tapezako pang'ono." Aliyense amadziwa kuti pang'ono ameneyo ndi ngolo zingapo. Tidaleredwa kuti ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndipo mbiri ya munthu imakoma ikatuluka pakamwa pa ena.

Ndiye pepala likubwera kuchokera mumzinda, likufunsa munthu woleredwa chotero kuti adziimbire yekha ng'oma. Kodi pepala limenelo likuyeza ntchito, kapena likuyeza kukula kwa pakamwa?

Si mafomu okha. Anzanga ambiri a kumudzi adagwa pa intavyu chifukwa choyang'ana pansi. Kwathu kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, koma kuofesi akuti woyang'ana pansi akubisa kanthu. Amakuuza kuti, "Tatiuzeni chomwe mumaposa nacho ena," iwe n'kumatuluka thukuta, poti chibadwire sunanenepo kuti umaposa munthu. Ntchito n'kupita kwa wina amene amadziwa kuyankhula, kaya kugwira amadziwa kaya ayi.

Sindikunena kuti njira zimenezi n'zoipa. Amene adaziganiza adafuna kuti wantchito naye amveke, asamangoweruzidwa ndi kapitawo amene mwina adakangana naye dzulo. Cholinga n'chabwino. Koma nsapato yabwino ikakhala ya phazi lina imatupitsa zala. Ndipo wopweteka si wantchito yekha. Kampani nayo imataya anthu ake enieni n'kutsala ndi odziwa kudzaza mapepala.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Safunsa adadya phula. Palibe mmodzi wa ife amene adafunsa kuti manambalawa akagwira ntchito yanji. Tidangoti zikomo, n'kulandira ndi manja awiri.

Mayi Mvula amabwera padepoti Lachitatu lililonse. Lachitatu loyamba ndidafika pakhomo la ofesi yawo, n'kubwerera. Lachitatu lotsatira ndidagogoda, atati ndilowe ndidafunsa ngati akufuna madzi akumwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sabata ino ndidalowa, chipewa m'manja.

"Bwana, pepani, ndabwera pa nkhani ya aNambewe."

"Ndikuwakumbuka. Koma achimwene, manambala aja adadzipatsa okha. Munthu akanena yekha kuti ntchito sakuidziwa, ine nditani?"

"Adalemba ndine, bwana. Iwo adangochita ulemu."

"Ulemu?"

Ndidafotokoza zonse, za faifi wa Mulungu, za folo wa abambo mfumu. Poyamba adaseka mpaka kuvula magalasi. Kenaka adasiya kuseka. Adatulutsa mafomu onse m'kabati n'kuyamba kuwatembenuza limodzilimodzi.

"Thuu, thuu, thuu. Ine ndimadabwa kuti shedi yonse ingafanane bwanji chonchi. Ndimayesa mwina anthu sakukondwa ndi ntchito." Adandiyang'ana. "Nanga inuyo, amene mumayeza bwinobwino osaphonya, thuu uyu ndi wa chiyani?"

Ndidayang'ana pansi. Mwamwayi sadandiyese wabodza.

Adandituma kuti ndiimbire foni mdzukulu wa aNambewe. Zidangochitika kuti mayiwo adali pa boma pomwepa, akufunsira ganyu yochapa pa malo ena ogona madalaivala. Adafika pa kabaza nthawi yomwe Levisoni amalandira ngolo ya mtedza, atavala jekete ngakhale kunkatentha.

"Uwu ndi giredi wani, baba, lowetsani!" ankakuwa.

ANambewe adapereka moni kwa bwana mogwada pang'ono. Podutsa pa ngolo ija dzanja lidangopita lokha m'thumba, mwa chizolowezi. Adanunkhiza, n'kuluma kamodzi, n'kulavula.

"Uwu adaunyika m'madzi kuti usavute kusenda," adanena motsitsa mawu, ngati akupepesa. "Kunja wauma, koma m'kati ukadali wauwisi. Pofika sabata yamawa ukhala wachuku."

Mwini ngolo adayamba kukanda m'mutu. "Tidangowaza pang'ono, amayi."

"Ndikudziwa, bambo. Kauyanikeni masiku atatu, musankhe, mubwere nawo."

Mayi Mvula adatembenukira kwa Levisoni. "Inu simudaone?"

"Ndimati ndiwone pa thumba lachiwiri, bwana."

Amayi a m'shedi adaseka mpaka ena kugona pa matumba. "Faifi ameneyo! Mpatseni sikisi!"

Levisoni sadachotsedwe ntchito, ndipo ndakondwa, chifukwa posenza matumba palibe womuposa. Adangobwerera pa ntchito yake yakale, jekete n'kuipachika pamsomali. Mwa amayi anayi aja atatu adaitanidwanso. Wachinayi, aNabanda, tidamva kuti adawoloka kale kupita ku Zambia kukagwira ntchito pa famu ya fodya, ndipo foni yawo siyikupezeka. Ameneyo ndiye amandiwawa mumtima. Thuu wawo ndidalemba ndine.

Bwana adati kuyambira tsopano mafomu azikhala a m'Chichewa, ndipo munthu aziyesedwanso ndi anzake awiri ogwira nawo ntchito, komanso kapitawo azilemba atakhala pansi, osati akuthamangira thiraki. Ine ndidati mumtima, imeneyo ndiye njira ya amalume ija, yangovala tayi.

Koma fomu ya aNambewe idayenera kulembedwanso kuti fayilo ikhale bwino. Mayi Mvula adakhala nawo pa benchi, cholembera m'manja.

"Tsono amayi, ulendo uno mundiuze zoona. Ntchito yanu mumaidziwa bwanji?"

ANambewe adayang'ana kwa ine, adayang'ana kwa aNaphiri, adakonza mpango kumutu.

"Poti mwakakamiza, bwana, kwezaniko pang'ono. Ikani fili."

Bwana adalemba faifi wamkulu, n'kuwaonetsa.

"Iii!" adatero aNambewe, akubisa nkhope m'chitenje. "Koma mboni zilipo. Mwalemba ndinu, si ine."

Inu amene muli ndi mafomu m'makabati mwanu, mwawaonetsetsa mathuu amene alimowo? Mukudziwa kuti ndi angati mwa iwo amene ali faifi wochita manyazi?

Yanga fomu ikadali ndi mathuu ake, ndikusowa poyambira kuipempha. Koma ya aNambewe idatha, ndipo adayala chitenje chawo pamalo pawo pakale m'shedi, Lachitatu lapitali, tsiku loyamba la mwezi uno.