Sizasi ya a Telala ndi Mbande za Pawindo

A Telala sanalire pa maliro a akazi awo, ndipo anthu, amene sasowa chonena, ananena. Atabwerako kumanda anavula jekete, n'kukhala pa makina, n'kumaliza kusoka zipi ya buluku la munthu wina amene mpaka lero sanabwere kudzalitenga. Kuyambira pamenepo ankadya akapatsidwa, kugona kukada. Mukawapatsa moni ankangoti, "Tilipo," basi.

Moyo wawo wonse anasokera m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa golosale. Kale ankadula masuti ndi mayunifolomu a sukulu, kaunjika asanabwere kudzawasandutsa wozigamba mabuluku ong'ambika kumbuyo. Nyumbayo inali ndi windo limodzi lokha lolowa dzuwa, chifukwa mwininyumba, munthu wosaganizira anzake, anamanga khoma n'kutseka linalo. Windo limenelo ankalimbirana ndi mayi a kunyumba zaka zonse. Iwo ankalifuna kuti aziona bowo la singano, mayi ankalifunira mbande zawo.

Chaka chilichonse, kuzizira kusanathe, mayi ankafesa tomato m'nyumba, m'timakapu ta yogati toboola pansi ndi msomali, poti panja chisanu ndi nkhuku za aneba sizinkasiya kanthu. Dothi ankasakaniza okha: manyowa a makoko ndi masamba owola, mchenga pang'ono, phulusa la pambaula. Feteleza ayi, mankhwala opopera ayi. Mbewu inali yawoyawo, yofinya ku tomato wakupsa kwambiri n'kuyanika pakansalu. Mbande zikangotulutsa masamba, mayi ankaba sizasi ya a Telala, ija yodulira nsalu yokha, n'kumadula nayo tizomera. Pamenepo pankabuka mkangano wa chaka ndi chaka.

"Sizasi yanga si chikwakwa, mayi!"

"Ndiye ndidule ndi mano, bambo? Mano ake ati?"

Mbewu yotsiriza ya malemu inali m'kabotolo ka mapilitsi, yochepa, yosaphimba ngakhale pansi pake. Ina kunalibe kwina kulikonse. A Telala anaipeza akufunafuna batani. Sanaganize zambiri. Anatsuka timakapu, anasakaniza dothi monga ankaonera, n'kuthira mbewu yonse osasiyako ndi njere imodzi. Inamera yonse, kapu iliyonse yodzaza ngati mutu wa mwana wosameta. Ankathirira ndi supuni, kutembenuza makapu kuti mbande zisapendekere kudzuwa. Koma pakupita kwa masabata zinangotalika, zowonda ngati ulusi, masamba achikasu, zina zitagonera zinzake.

Mwana wawo wamkazi anabwera ndi mwamuna wake, uja wodziwa zonse, atanyamula kajumbo ka feteleza.

"Ababa, thirani uyu, mawa lomweli zidzuka," anatero mkamwiniyo.

"Amayi anu sankathira."

"Ndiye tayani, Ababa," anatero mwanayo. "Mbande kumsika zili mbwee. Mukudzizunziranji?"

"Zakumsika si za amayi ako."

Anapita, feteleza atamusiya pa makina, ngati kuti mawu a munthu wamkulu ndi mphepo. A Telala anamukankhira pansi pa tebulo ndi phazi.

Kenako kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene ankawaseka kuyambira tsiku lomwe anadzafunsira mbeta. Anaima pawindo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwayamba kulima kapinga?"

Anawerama n'kusuzumira m'makapumo.

"Zapanikizana izi, zikulimbirana chakudya. Mukazisiya chonchi zifa zonse. Siyani imodzi m'kapu, zinazo dulani. Osazula, mugwedeza mizu ya yotsalayo. N'chifukwa chake akulu anga ankaba sizasi yanu. Mumayesa ankakuputani dala?"

"Ankandiputa."

"Eya, nazonso zinalipo. Makina anuwanso atchinga theka la windo. Bweretsani sizasi ndidule."

"Sizasi yanga sagwira munthu wina."

Mlamu anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka. Anawatsukira mbale, n'kutsanzika.

Madzulo onse a Telala anangokhala kuyang'ana makapu. Kamtengo kalikonse kanachokera ku njere imene malemu anafinya ndi zala zawo, ndipo tsopano ankauzidwa kuti asankhe toti tikhale ndi toti tife. Anadikira kuti mwina mumtima mumveka kanthu. Simunamveke.

M'mawa anatulutsa sizasi m'thumba lake lansalu. Anayamba ndi kapu ya kumapeto. Anapatula tizomera ndi nsonga ya singano, n'kupeza kamene kanali konenepako pakhosi. Tinato anatidula pafupi ndi dothi, mosamala ngati akudula kolala ya suti ya ukwati. Kapu ina, kapu inanso. Zodulazo zinaunjikana patebulo, ndipo m'chipinda munadzaza fungo la masamba a tomato, lija linkatsala m'manja mwa mayi akamawapatsira tiyi. A Telala analimva monga munthu amamvera kuti kunja kwayamba kuwaza. Anapitiriza kudula.

Atamaliza anataya zodulazo m'ndowa ya manyowa. Kenako anakoka makina kuwachotsa pawindo, miyendo yake ikukwekwesa simenti, mpaka pakona pansi pa babu. Pamenepo singano inkavuta kulowetsa ulusi, koma ankalowetsabe.

Mbande ziwiri zitatu zinafa ndithu. Zotsalazo zinanenepa, masamba n'kubiriwira, moti a Telala anayamba kuzitulutsa pakhomo m'mawa kuti zizolowere mphepo zisanawokedwe, iwo atakhala pambali ndi ndodo kudikira nkhuku za aneba.

Tsiku lina mphunzitsi wina anabwera kudzatenga malaya ake oyera amene anawasiya kuti awafupikitse manja. Anawatambasula, n'kukwinya nkhope.

"A Telala, nanga chobiriwirachi pamkonopa n'chiyani?"

A Telala anayang'ana malayawo, n'kuyang'ananso sizasi imene sanaipukute chidulireni.

"Ndi tomato," anatero. "Mukachapa achoka."