Mwendo Umene Skirmantas Ankabisa

Mphindi khumi ndi imodzi ali m'bwalo, mpira osaukhudza ngakhale kamodzi. Umu ndi mmene Skirmantas Norvaiša anabwerera kwawo.

Ankaima pansi pa mkombero wogoletsera basiketibo, manja m'mwamba, palibe womutchinga. Anzake ankamuyang'ana bwinobwino, mpira n'kuponyera kwina. Pamene kochi ankamutulutsa, holo yonse inali zii, ndipo kwathu kuno kumpoto kwa Lithuania bola anthu akukuwize kusiyana ndi kukukhalira chete.

Inu amene mukuwerenga muli pansi, kaya ntchito yatha kaya thupi lakukanani, imvani za munthu ameneyu.

Zaka zisanu ndi zinayi anasewera basiketibo ku Spain, akudumpha ngati m'zidendene muli masipuling'i. Ana onse a m'tawuni yathu ankavala nambala yake. Kenako mtsempha wa bondo lakumanzere unaduka. Anausoka, unadukanso. Opaleshoni zitatu zitadutsa, matimu akuluakulu anasiya kuyankha foni. Ali ndi zaka 31, timu ya kwawo inamutenga mongomuyesa.

Masewero oyamba aja atatha, kochi Bronius anamuitanira pambali. Mdala ameneyu salankhula zambiri.

"Mwana wanga, sindingalamule munthu kukupatsira mpira. Ndikupatsa masabata atatu. Anyamatawa akapanda kusewera nawe, nambala yako ndipereka kwa wina."

Skirmantas ankadziwa kuti akachoka pamenepo palibenso kolowera. Mpira ndiye watha.

Sanagonje. M'mawa uliwonse ankafika anzake asanadzuke, n'kuponya mpira mumkombero kasanu ndi kawiri kuchuluka kwa wina aliyense. Ankakwera masitepe a holo mpaka bondo kutupa. Ankatolera mipira ya anzake ngati wobwera dzulo. Tsiku lina anabweretsa mwendo wathunthu wa nkhumba youmitsa ya ku Spain, n'kuuika patebulo m'chipinda chovalira.

Eimutis, kaputeni wa timuyo, munthu wa zaka 36 wa dazi lonyezimira, anaununkhiza.

"Mspanishi watibweretsera nkhumba, amwene. Ankaganiza kuti kuno zinatha."

Onse anaseka. Nyamayo inakhala pamenepo mpaka wosesa anaitengera kwawo.

Vuto silinali mpira, silinali nyama. Tawuni yathu yasintha mochititsa manyazi. Holo yamatabwa imene tonse tinaphunziriramo kuponya anaigwetsa, pamalopo pali sitolo yamagalasi yogulitsa tomato wosanunkhira. Ine ndinakhala kunja zaka makumi awiri, pobwera ndinasochera mumsewu umene ndinabadwiramo. Koma chimodzi sichinasunthe: Lachinayi masana, zoyeserera zikatha, timu yonse imapita ku pirtis, kanyumba kathu ka nthunzi, kuseri kwa nyumba ya kaputeni. Mmenemo mulibe katswiri, mulibe wapabenchi. Aliyense amavula, madzi amathiridwa pamiyala yamoto, anthu n'kumakwapulana ndi mitolo ya nthambi zamasamba uku akunenana zoona.

Skirmantas sankapitako. Zoyeserera zikatha ankathamangira ku galimoto ali chivalire thalauza yake yothina yofika m'akakolo, kukasamba kunyumba. Anzake anaona kunyada basi. Amene safuna kutuluka nawe thukuta, mpira umupatsirenji?

Masabata awiri anatha opanda chosintha. Lachinayi lomaliza, anakhala m'galimoto nthawi yaitali, injini ikulira. Kenako anaizimitsa, n'kuyenda wapansi kutsatira anzake.

Atatsegula chitseko cha pirtis, nthabwala zinaduka. Anthu khumi ndi mmodzi, ofiira ngati nkhanu zophika, maso onse pa iye. Anavula malaya. Anavula thalauza ija.

Ntchafu yakumanja inali ya katswiri. Yakumanzere inali yofota ngati ya mwana wa sukulu, bondo lodzaza zipsera zitatu zopingasana. Ichi ndicho ankabisa. Ankaopa kuti akachiona, akauza kochi kuti watenga munthu wotha.

Madzi ankathetheka pamiyala. Eimutis anawerama, anauyang'anitsitsa mwendowo.

"Aise, mwendo weniweni unauiwala pa eyapoti?"

Skirmantas ndiye anayamba kuseka, enawo n'kutsatira mpaka matabwa kugwedezeka. Eimutis anatembenuka n'kumuonetsa mzere wautali wa chipsera kumsana kwake.

"Mabauti anayi ali mmenemu. Kukazizira mkazi wanga ndiye amandimanga nsapato. Iwe Taurius, muonetse zala zako."

Taurius, chiphona cha timuyo, anatambasula dzanja. Zala ziwiri zinkaloza kumene zikufuna.

"Gona apa," anatero Eimutis, atanyamula mtolo wa nthambi. Anayamba kumukwapula kumsana, mafunso akubwera limodzi ndi zikwapu. "Kudumpha umatha?"

"Ayi."

"Kukhotera kumanzere?"

"Kawiri. Kachitatu bondo limakana."

"Nanga pansi pa mkombero umakaimako kudikira chiyani, maliro ako? Chatsala n'chiyani mwa iwe?"

Skirmantas anayankha nkhope ili pathabwa.

"Maso, mkulu. Ndimaona pamene munthu afike iye asananyamuke. Taurius amakhala yekha kanayi pa kota iliyonse ya masewero, inu simumuona."

"Kanayi?" anatero Taurius. "Ine ndimati kawiri."

"Maulendo awiri enawo umakhala ukuyang'ana atsikana ovina," anatero Skirmantas.

Eimutis anataya nthambi zija n'kupita pa kawindo kodzaza nthunzi. Ndi chala anajambula bwalo, n'kuika kadontho kutali ndi mkombero, pakati penipeni.

"Iwe malo ako ndi awa. Usathamange, usadumphe. Ife tikhala miyendo yako."

Anajambula, kufufuta, kujambulanso, anthu akuluakulu ali maliseche akukangana za mizere ya pagalasi, mpaka miyala inazizira. Atatuluka anadyera m'mbale imodzi buledi wakuda wokazinga ndi adyo. M'mawa mwake Eimutis anakafotokozera kochi zonse. Bronius anangoti, "Mwachedwa nazo."

Loweruka kunabwera timu ya ku likulu, ija imabwera kuno ngati yodzatenga katundu wake. Holo inadzaza mpaka m'makonde, ng'oma zikugunda m'chifuwa. Mphindi yoyamba, Eimutis anadutsa pakati n'kuponyera mpira kwa Skirmantas. Sunakhalitse m'manja mwake. Unadutsa pakati pa miyendo ya womutchinga n'kukapeza Taurius ali yekha, ndipo mkombero unalira.

Kuyambira pamenepo zinali ngati wina wayatsa magetsi. Mpira unkachoka kwa Skirmantas osayang'ana n'komwe, kuseri kwa msana, pamwamba pa mitu, n'kukagwera pamene mnzake akufika kumene. Iye ankangoyenda pang'onopang'ono ngati munthu woyendera munda wake, anzake anayi akuuluka momuzungulira. Alendo aja anakonzekera Skirmantas wa m'mavidiyo akale, wodumpha uja. Amene anali patsogolo pawo sankamudziwa.

Masekondi asanu ndi awiri atatsala, ife tinali kumbuyo ndi pointi imodzi. Mpira unafika kwa Skirmantas. Anapinda mawondo ngati aponya, anthu awiri n'kumudumphira. Iye phazi silinachoke pansi. Anadumphitsa mpira pansi kupita kukona, kumene mdala wa mabauti anayi anali atangofika ali wefuwefu. Eimutis anaponya. Belu linalira mpira uli m'mwamba, ndipo unalowa osakhudza chitsulo.

Ndaonera masewero m'maholo akuluakulu a kunja, koma phokoso ngati la tsiku limenelo sindinalimvepo. Amayi okalamba ankakumbatira anthu osawadziwa.

Skirmantas anangogoletsa mapointi anayi. Mipira imene anapatsira anzake n'kugoletsa inali khumi ndi itatu. Pamene ankatsimphina kupita kuchipinda, Bronius anamugwira mkono.

"Lolemba ubwere ndi cholembera, udzasaine mgwirizano. Ndipo bondolo uliike pa ayezi, ndilifuna mpaka Meyi."

Anasewera zaka zina zinayi. Sanadumphenso, ndipo ziwiri zomaliza anali kaputeni.

Inu amene mwagwa, mwina mukulimbikira usana wonse ngati iye, koma chimene chinafota mwachikulunga kuti anzanu asachione. Dziwani kuti anthu sangakunyamuleni pamene simunawaonetse. Amene mukuwaopawo nawonso ali ndi mabauti awo kumsana. Pitani kumene anzanu ali, nenani chimene simungathenso, kenako nenani chimene chatsala. Mtima usagwe, masewero anu sanathe.