Madzi Akabwera Nthawi Imodzi

Mpopi ukakhala masiku angapo osatulutsa madzi, suyamba ndi madzi ayi. Umayamba ndi kutsokomola, khoo, khoo, mpweya wokhawokha, ngati nkhalamba ya chifuwa. Ku Chinsapo, kumene agogo anandilera makolo anga atamwalira, aliyense amalidziwa phokoso limenelo. Likangomveka, wina amakuwa kuti "Abwera!" ndipo zitseko zonse zimatseguka. Ndowa, zigubu, mabeseni, ngakhale mapoto, zonse zimathamangira ku kiyosiki yogulitsira madzi.

Ndinakula ndi phokoso limenelo, ndipo ndinadzakumana nalonso pa ntchito yanga yoyamba yolemba mapulogalamu a kompyuta. Kampani yathu inali yaing'ono, m'nyumba ya lendi ku Area 47. Mwini wake anali bambo wa ku Thyolo wokonda nthabwala, amene tinkangomutcha bwana. Ntchito yathu yonse inali imodzi: timabokosi tachitsulo timene tinamangirira pa makoma a makiyosiki a ku Chinsapo. Munthu ankagunditsa khadi lake pa kabokosi, kabokosi n'kufunsa kompyuta yaikulu imene timaitcha seva, kudzera pa netiweki ya foni, ngati khadilo lili ndi mayunitsi. Seva ikavomera, mpopi unkatseguka.

M'miyezi ya mvula zinkayenda bwino. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, seva n'kumayankha munthu asanakonze nkhata pamutu. Agogo anauza mpingo wonse kuti kabokosiko anapanga ndi mdzukulu wawo, ngakhale ine ndinangolemba mbali ina ya zimene zili m'kati mwake.

Chilimwe chitafika madzi anasowa kwa masiku angapo, n'kubwera Loweruka m'mawa ndili panyumba. Ndinanyamula zigubu kutsatira agogo, amene pa nkhani ya madzi ankathamanga kuposa atsikana. Anali pafupi ndi kutsogolo kwa mzere. Anagunditsa khadi. Zii. Analipukuta pa chitenje n'kugunditsanso. Zii. Analitembenuza, analiuzira mpweya, n'kuyamba kugogoda nalo ngati pa chitseko cha munthu amene ukudziwa kuti ali m'nyumba.

"Kagonthi aka!" anatero. "Iwe, si iwe unakapanga? Kauze kamve."

"Agogo, injiniya wanu uja ndi ameneyu?" anafunsa mayi wina kumbuyo. "Achimwene, lero tisamba laputopu yanuyo?"

"Musiyeni," agogo anayankha osacheuka. "Amaganiza ndi maso ameneyu. Anayamba ali wakhanda."

Ndinaima pambali n'kumayang'ana manja a anthu. Palibe amene ankagunditsa kamodzi n'kudikira. Amene anali kumbuyo ankapatsirana makhadi pamwamba pa mitu, "Tayesani langa, mwina lanulo latopa." Ine ndinkadziwa kuti kugunditsa kulikonse ndi funso latsopano lopita ku seva. Ndinkadziwanso kuti kabokosi kakapanda kuyankhidwa, kankafunsanso kokha, chifukwa ndi mmene tinakaphunzitsira. Ndipo madzi sabwera pa kiyosiki imodzi. Amabwera ponseponse nthawi yomweyo, choncho m'mawa umenewo Chinsapo yense ankagogoda pa chitseko chimodzi.

Anatipulumutsa ndi wapampando wa komiti yoyang'anira makiyosiki, mayi wa ku Ntcheu wosakonda kubwereza mawu. Anabwera ndi sipanala, n'kutsegula paipi yodutsa kumbali kwa kabokosi, anthu n'kutunga. Atatha anandiyitana.

"Mukawauze abwana anu," anatero. "Madzi akadzabweranso timabokosi tanuti n'kukhalanso duu, tidzatizula tonse. Anthu sangafe ludzu madzi ali m'paipi."

Anayankhula mosakalipa, ndipo ndinadziwa kuti adzachitadi. Timabokosi tikanazulidwa, kampani ikanatsekedwa, ine n'kubwerera kokhala pakhonde la agogo ndi satifiketi yanga.

Lolemba ndinafotokozera bwana zonse zimene ndinaona. Anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndiye amene agwetsa seva yanga ndi agogo ako?"

"Iwo ndi anzawo a kumvano."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati tibwereke seva yamphamvu kuposa imene tinali nayo. Ndinayankha kuti ingathandize, koma tsiku limene netiweki idzachedwe pang'ono, manja adzayambanso kugogoda, ndipo makiyosiki akadzachuluka, nayonso idzakomoka. Ndinati bwanji kabokosi kalikonse kazisunga kokha makhadi a anthu amene amatunga pamenepo, kaziyankha kokha osafunsa, ndipo seva kaziiuza pambuyo pake, mzere utatha.

"Nanga wina akatunga pano, n'kuthamangira pa kiyosiki ina seva isanamve? Khadi limodzi limwa kawiri."

"Ndi ndowa pamutu, bwana? Awoloke dambo, akaime kumbuyo kwa mzere wina?"

"Iwe suwadziwa anthu. Alipo woti akhoza."

Ankanena zoona, alipo. Tinakangana mpaka masana, ngakhale kukangana kwanga n'kungokhala chete mpaka winayo atatopa. Potsiriza bwana yemweyo ndiye anapeza pokumanira. Kabokosi kazipereka ndowa zochepa kosafunsa, zokwanira banja kuphika ndi kusamba, ndipo wofuna zoposa pamenepo azidikira yankho la seva. "Tiluzeko ndowa imodzi kusiyana n'kuluza Chinsapo yense," anatero. Anawonjezanso kuti timabokosi tisamatumize nkhani zake nthawi imodzi, koma kalikonse kazidikira kanthawi kosiyana ndi kanzake. Ine ndinawonjeza kaphokoso. Khadi likangogunda, kabokosi kazilira kuti tii, munthu adziwe kuti kamva, dzanja lipume.

Vuto linatsala pa kuyesa. Khamu la anthu aludzu sungaliyitanire mu ofesi. Ndinalemba kapulogalamu kena konamizira anthu ambirimbiri ogunditsa makhadi mosaleza mtima, aliyense kubwereza osadikira. Bwana anakapatsa dzina tsiku lomwelo.

"Tayatsa agogo ako tione," ankatero akalowa m'mawa.

Ndikawayatsa agogowo pa dongosolo lakale, seva inkagwa tiyi asanazizire. Pa latsopano inkangoyenda, mafunso akufika pang'onopang'ono ngati anthu obwera ku msonkhano wa makolo.

Masiku otsatira ndi amene ndimawakumbuka mokoma kwambiri. Ndinkakwera kabaza ndi laputopu kumsana, kiyosiki ndi kiyosiki, kutsegula kabokosi n'kulowetsamo pulogalamu yatsopano. Ndinadutsa m'tinjira timene ndinali ndisanapondemo chibadwire, ngakhale ndinakulira komweko. Pena ankandipatsa mpando, pena chinangwa chootcha, pena mawu okhaokha. Madzulo ndinkafika kunyumba fumbi mpaka m'makutu, agogo n'kufunsa ngati kagonthi kaja kapita kuchipatala. Ndinkati kapita, koma sitidziwa ngati kachira mpaka madzi atasowanso. Chibadwire changa ndinali ndisanalakalakepo kuti madzi athe, koma mwezi umenewo ndinkatsegula mpopi wa ku ofesi ndi mtima wina.

Anathadi, dzuwa la Okutobala litafika pachimake. Tinakhala masiku tikutunga pachitsime cha a neba, madzi amchere osachita thovu. Kenako m'mawa wina pakati pa sabata, ndikuvala nsapato kuti ndizipita kuntchito, ndinamva anthu akuthamanga panja. Agogo anali atatuluka kale.

Pa kiyosiki mzere unali utafika pa gulosale. Sindinayandikire. Ndinaima pamthunzi wa khoma, manja m'thumba. Woyamba anagunditsa, kabokosi kanalira, madzi anatuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Agogo atafika anagunditsa, kanalira, ndowa inayamba kudzaza, koma iwo anagunditsabe kachiwiri.

"Agogo, kamva kale," anatero amene anali kumbuyo kwawo.

"Ndikudziwa. Ndikuti kasazolowere."

Ndinaimbira bwana kufunsa za seva.

"Ikuwodzera," anatero. "Uli ndi chitsimikizo kuti madzi abweradi kumeneko?"

Ndinakweza foni m'mwamba kuti amve yekha kulira kwa ndowa.

Palibe amene anandithokoza, ndipo ambiri sanandione n'komwe. Amayi ankakamba za maliro a ku Kaliyeka ndi za mwana wa uje amene wathawa sukulu. Mayi uja wa laputopu anadutsa pafupi nane ndowa ili pamutu, akukangana ndi mnzake za ukwati wa Loweruka. Kabokosi kankangolira, anthu osakayang'ananso. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa imene inkafunika, ndikuona mzere ukufupika.

Wapampando anatunga pomalizira. Anatula ndowa yawo pafupi ndi mapazi anga, n'kuyang'ana kabokosi kwa kanthawi.

"Lero kamva," anatero.

"Kamva, amayi."

"Kwina konseko ndafunsa pa foni. Akuti akutunga."

Anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo. Munali makiyi angapo omangidwa pamodzi ndi waya.

"Awa ndi a makiyosiki a kumtunda, cha kumsika, kumene simunaikeko timabokosi tanu. Mukayambe Lolemba. Musataye, alibe anzake."

Anandiika makiyiwo m'manja, anadzitwika ndowa okha ndisanawathandize, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa gulosale.