Beringi ya Helikoputa Yopanda Khadi

Ndinagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo za ndege za asilikali mpaka imvi zinamera. Nthawi ina anatitumiza kukaphunzira kudziko lina la m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene kuli mahelikoputa osaka sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Helikoputa imaima m'mwamba, n'kutsitsira chomvera m'madzi pa chingwe, kumvetsera injini ya mdani. Kuno kwathu kulibe nyanja yotero, koma lamulo la m'sitolo yawo ndinabwera nalo. Chipangizo chilichonse chili ndi khadi lake, lolembapo maola amene chauluka. Maola akakwana chimatayidwa, ngakhale chikhale chonyezimira. Chopanda khadi sichiyandikira ndege.

Chaka chatha chigayo cha kopaletivu yathu ku Mphamba chinaima, beringi itatha. Ine ndinali mlembi, ndipo palibe chimene chinkagulidwa popanda siginecha yanga ndi chidindo. Tsiku la msonkhano kunabwera wamalonda wa ku Kasungu, atakulunga beringi m'nyuzipepala.

"Iyi ndi ya helikoputa, bambo," iye anatero. "Siitha. Mudzafa n'kuisiya."

"Khadi lake lili kuti?" ndinafunsa.

"Khadi? Kodi ndi mwana wa kusikelo?"

Anthu anaseka. Wapampando, amene ndi mlamu wanga, anaseka koposa onse. "A mulamu, chigayo chathu sichiuluka. Sainani, tigaye."

Ndinawafotokozera mofatsa. Ngati inachokeradi ku helikoputa, ndiye kuti inatayidwa kapena inabedwa. Ngati sinachokereko, mwini wake ndi wabodza. Dzina langa silingakhale pansi pa chinthu chotero.

Mayi wina anaimirira. "Adada, ife tikukankha njinga na chimanga mpaka ku boma. Khadi lanulo tidzadya?"

Mawu amenewo anandilasa, pakuti mkazi wanga nayenso ankakankha njinga yomweyo. Komabe cholembera ndinachibwezera m'thumba.

Anthu anakweza manja, nandichotsa pa ulembi. Ndinapereka chidindo, buku la misonkhano ndi makiyi awiri, koma ndinayamba ndalemba zonsezo pa mapepala awiri, mlamu wanga n'kusaina ponse pawiri. Anasaina akung'ung'udza. Langa lili m'bokosi.

Ndinene zoona, pakuti sindibisa: beringiyo anaigula, ndipo chigayocho chikugaya mpaka lero. Inenso ndimagayitsa komweko, ndimaima pamzere ngati wina aliyense. Koma kugaya kwake sikusandutsa bodza kukhala choona.

Mwezi watha mlamu anabwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Mlembi watsopano anataya kalata yolembetsera kopaletivu, ndipo feteleza sakanabwera popanda iyo. Kope lake ndinali nalo, ndinampatsa.

"Bwelelani pa mpando, a mulamu. Zakale zinapita."

"Ndibwerera mukalemba m'buku kuti ndinakana kusaina, ndi chifukwa chake. Mizere itatu basi."

"Inu mufuna tichite manyazi pagulu."

"Mizere itatu."

Sanalembebe. Inenso sindinabwerere.