A Sipanala ndi Masikono a Akazi Awo

Mumsewu mwathu tonse timangowatchula kuti a Sipanala, chifukwa moyo wawo wonse athera pansi pa galimoto za eni. Manja awo ndi aakulu ngati makasu. Akakupatsa moni wa m'manja, tsiku limenelo singano suigwira bwino. Ndikunena zomwe ndikudziwa, ine telala amene khonde langa layang'anana ndi khomo lawo.

Akazi awo anali katswiri wa masikono. Anaphunzira ali mtsikana, akugwira ntchito kukhitchini kwa dona wina wokalamba amene sankamwa tiyi wamadzulo popanda sikono yotentha. Dona anabwerera kwawo, luso linatsala. Dzuwa likapendeka, fungo linkadzaza msewu wonse, mayi aja n'kutuluka ndi thireyi kupita kugalaja, amakaniko n'kumathamangira kusamba m'manja ngati ana asukulu. A Sipanala ankadya osathokoza n'komwe. Kukhitchini sankapondako, ankati mwamuna amafika pakhomo pake polandira mbale basi.

Kenako mayi aja anadwala sitiroko. Mkono wakumanja unafa, kamwa inapindika, mawu anathawa. Atatuluka m'chipatala anangotembenukira kukhoma n'kukana kudya. Mwana wawo wamkazi anayesa phala, anayesa supu, anakagula ngakhale masikono a kubekale, koma ayi ndithu. Namwino ananena mosabisa kuti akapitiriza chonchi sakhalitsa.

Tsiku lina m'mawa ndinamva ziwiya zikugwa. Nditasuzumira ndinaona a Sipanala atavala epuloni ya maluwa pamwamba pa ovolosi. Ndinaseka mpaka kudzibaya ndi singano.

"Bambo, kwagwanji?" ndinafunsa.

"Telala iwe, soka zako. Injini ya lole ndimaimasula yonse n'kuibwezera, ndiye ufa wokhawu undikanike?"

Unawakanika. Munthu anazolowera kuti chinthu chabwino n'chomangitsa, ndiye mtanda ankaukanda ngati akulimbitsa nati ya tayala, mpaka thukuta kamukamu. Masikono ankatuluka mu uvuni ali gwa, oti ungagendere mbala. Galu wa aneba ananunkhiza imodzi n'kuchoka mwaulemu. Koma madzulo aliwonse bambo aja ankaika miyala yawoyo pa thireyi, pambali kapu ya tiyi, kulowa nazo kuchipinda, n'kutuluka nazo zosakhudzidwa. Galaja anaisiyira anzawo. Mayi ankangotherabe pabedi, moti ndinauzidwa kuti ndiwachepetsere madiresi.

Tsiku limene ndinakapereka madiresiwo ndinapeza mwana wawo akudandaula.

"Ababa, mukungowononga ufa. Amayi akufunika dokotala, osati miyalayi."

"Dokotala wachita mbali yake," anayankha a Sipanala. "Amayi ako ndimawadziwa ndine. Chakudya chabwino akhoza kuchikana, koma ntchito yoipa sangaionerere ali chete. Gwira uko, tinyamule tebuloli."

Analowa nalo kuchipinda n'kuliika pafupi ndi bedi. Anathira ufa m'beseni, majarini, shuga, mkaka, zonse mwachisawawa, n'kuyamba kudinda mtanda ndi zibakera. Tebulo linkalira. Ine ndinaima pakhomo ndi madiresi m'manja, ndikuti bambowa mutu wawasokonekera ndi chisoni.

Mayi aja anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana beseni, anayang'ana mwamuna wawo. M'maso amene anali atazima kalekale munayaka mkwiyo. Dzanja lamanzere, loonda ngati ndodo, linadzuka pabulangete n'kumenya a Sipanala pamkono, phwa!

"Ndalakwa pati, mayi?" anafunsa bambo aja motsitsa mawu.

Mayi analoza kuti ataye mtandawo, abweretse ufa wina. Kenako anaika dzanja lawo pamwamba pa chidzanja chija n'kuyamba kuchitsogolera: nsonga za zala zokha, kufikisa majarini mu ufa, kunyamula, kusiya ugwe wokha. Bambo akati awonjeze mphamvu, ankatsinidwa. Abale inu, ndaona zambiri pakhonde langa, koma zala zomasula mabawuti a dzimbiri zikusisita ufa ngati zikusambitsa khanda, ndinachita nazo mantha. Ndinazizwa, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira thupi limachita tsembwe.

Masikono anatuluka atafufuma, ofiira pamwamba. A Sipanala ananyema imodzi, nthunzi ili tolotolo, anaiviika mu tiyi n'kuifikitsa pakamwa pa akazi awo. Mayi anatsegula pakamwa. Anatafuna nthawi yaitali, anameza, kenako milomo inayamba kulimbana ndi chinachake.

"Mche... mchere."

Anali mawu awo oyamba chidwalireni.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Mchere... mulibe. Chitsiru."

Chimunthu chonse chija chinakhala pansi pasimenti, epuloni ili mbuu ndi ufa, misozi ili chuchuchu.

"Telala, wamva?" anatero akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mwananga, wamva? Andinyoza! Amayi ako andinyoza!"

Mayi sanawasamale. Dzanja lawo linali litafika kale pa thireyi, likufunafuna chidutswa chotsala.